Manyazi a Mumtima ndi Manyazi a Pankhope

Aliyense amene anayendapo m'makomboni a Lusaka Lamulungu m'mawa, kuchokera ku Matero kutsikira ku George, kapena kuchokera ku Chawama kulowera ku Kanyama, adziwa kuti m'mipingo yambiri, makamaka ija yosonkhana m'zipinda za sukulu ndi m'misasa ya malata, Mawu a Mulungu amalalikidwa ndi anthu awiri: mbusa awerenga m'Chingerezi, ndipo womasulira, ali chilili pambali pake, abwereza mawuwo m'Chinyanja kapena m'Chibemba kuti amayi okhala kumbuyo nawonso amve. Buku limene abusa ambiri otere amalikonda ndi Baibulo lakale lija la Mfumu James, ndipo akafika pa kalata yoyamba ya Paulo kwa Timoteo, mutu 2 ndime 9, pamene mtumwiyo alangiza akazi za kavalidwe, amakumana ndi liwu lalitali, lolemera pa lilime, lakuti shamefacedness, limene ngakhale Mngerezi wa lero salitchula pamsika kapena pakhomo pake. Womasulira sachedwa nalo; amangoti nsoni, monga anenera a ku Lusaka, kapena manyazi, monga tinenera kummawa, ndipo ulaliki umathamangira ku masiketi aafupi ndi mathalauza. Koma liwu limenelo lili ndi mbiri yake, ndipo chimene chinalichitikira ku England zaka 400 zapitazo ndicho chikuchitikira khalidwe lenilenilo pakati pathu lero lino.

Omasulira amene Mfumu James anawaika pa ntchito, amene buku lawo linatuluka mu 1611, sanalembe liwulo monga tiliwerengera tsopano. Iwo analemba shamefastness, potsata William Tyndale, munthu uja anasindikiza Chipangano Chatsopano cha Chingerezi ku Worms mu 1526, naphedwa ku Vilvoorde mu 1536 chifukwa cha chikhulupiriro chake. Ndipo Tyndale sanalipeke yekha, pakuti liwulo linali m'kamwa mwa Angerezi kuyambira kalekale, ankhondo a ku Normandy asanawoloke nyanja kudzalanda dziko lawo mu 1066. Lili ndi ziwalo ziwiri: shame, ndiwo manyazi, ndi fast, limene pamenepa silinena za liwiro kapena za kusala kudya, koma za chinthu chokhazikika, chogwidwa zolimba, chosasunthika. Munthu wotchedwa shamefast anali wozikika m'manyazi monga mzati wa nyumba wokumbiridwa mozama, umene mkuntho uukankha koma osauzula. Manyazi akewo ndiwo anali kumgwira kuti asachite choipa, kaya pali womuona kaya palibe.

Alembi aakulu a dzikolo analigwiritsa ntchito motero. Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, analidziwa. Edmund Spenser, m'ndakatulo yake yaitali ya The Faerie Queene ya mu 1590, analisandutsa mkazi wofatsa wokhala m'nyumba ya ulemu. Koma umboni umene undikhutiritsa koposa uli m'sewero la William Shakespeare la Richard III, mmene ambanda awiri atumidwa kundende kukapha mbale wa mfumu, ndipo mmodzi wa iwo, polimbana ndi chikumbumtima chake, achitchula ndi liwu lomweli, nadandaula kuti chimaletsa munthu kuba, kulumbira, ndi kugona ndi mkazi wa mnansi wake. Apa palibe namwali woweramitsa mutu, palibe siketi, palibe mpango. Pali mwamuna wolipidwa kukakhetsa mwazi, amene kanthu kena ka m'kati mwake kamgwira dzanja.

Tsono pofika pakati pa zaka za m'ma 1500, anthu ena anali atayamba kale kulimva liwulo mwa mtundu wina. Poti chiwalo chachiwiri chija chinali kuiwalika tanthauzo lake, ndipo poti munthu wamanyazi amaoneka pankhope, makutu awo anamva faced m'malo mwa fast, ndiko kunena nkhope m'malo mwa kukhazikika. Ndipo osindikiza Baibulo a m'zaka zotsatira, poyesa kuti akukonza kalembedwe kakale, analowetsa liwu latsopanolo m'kalata ya Paulo. Richard Chenevix Trench, mphunzitsi wa mawu amene pambuyo pake anakhala bishopu wamkulu wa ku Dublin, anadandaula nazo m'zaka za m'ma 1850, ponena kuti khalidwe limene mizu yake inali m'kati mwa munthu latulutsidwa kunja, lakhala chinthu cha pakhungu. Okonzanso Chipangano Chatsopano mu 1881 anabwezera liwu lakalelo pamalo pake, koma Baibulo limene linafala m'maiko athu, limene ligulitsidwa m'masitolo a mabuku mu Lusaka kufikira lero, ndi lija la liwu la nkhope.

Paulo mwini, polemba m'Chigiriki, anati aidos, liwu limene kwa Agiriki linali kuopa kolemekeza kumene kumaletsa munthu kuchitira mnzake chonyansa; ndipo Hesiod, mlakatuli wawo wakale, analosera kuti mbadwo woipitsitsa ukadzafika, khalidwe limeneli lidzachoka padziko kunka kwa milungu, anthu n'kutsala opanda chowateteza. Wowerenga ndimeyo modekha aona kuti chimene chinali kumvuta mtumwiyo mu mpingo wa ku Efeso chinali tsitsi lolukidwa mwamatama, golide, ngale ndi zovala za mtengo wapatali, ndiko kuonetsa chuma pamaso pa osauka m'nyumba ya mapemphero. Ndipo ndime imene iitsogolera, ya 8, ilangiza amuna kuti apemphere opanda mkwiyo ndi makangano, koma imeneyo siiwerengedwa kawirikawiri pa gome. Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake a mpingo wa Dutch Reformed analimasulira ku Mvera ndi ku Nkhoma, nilituluka mu 1922, linaika pamenepo liwu lathu lakuti manyazi. Ndipo ndilo buku limene a Reformed Church in Zambia, amene mpingo wawo unayambira ku Magwero mu 1899, anabwera nalo ku Lusaka m'mitolo yawo.

Manyazi amene makolo athu anawadziwa kumudzi sanali katundu wa akazi okha. Mkamwini akaona apongozi ake aakazi akudza m'njira, ndiye anali kupatukira kutchire, nanjuta, osadya nawo mbale imodzi kapena kuwatchula dzina; mwamuna woyandikira padooko pamene akazi amasamba anali kuima patali, natsokomola kapena kufuula odi, nadikira kufikira atamyankha; mnyamata akasinkhuka anali kuchoka m'nyumba ya amake kukagona kumphala, mtsikana napita kugowelo kapena kukuka kwa agogo ake, kuti mwana asaone kapena kumva zosayenera kuona ndi kumva. Mudzi wonse unamangidwa mothandiza munthu kusunga ulemu wake: panali malo, panali thengo, panali mtsinje, panali achibale ogawana ana usiku. Ndipo munthu amene anthu anamunena kuti alibe manyazi sanali wovala nsanza ayi, pakuti ambiri anali kuvala nyanda ndi zikopa, koma wodya yekha pamaso pa mwana wanjala, wolanda munda wa mkazi wamasiye, wonama pabwalo la milandu maso ali gwa.

Lusaka sanamangidwe motero. Mzindawu utakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, olamulira anauyesa mudzi wa Azungu, Mwafirika nakhala mlendo wa chitupa, wobwera kudzagwira ntchito ndi kubwerera kwawo. Nyumba zimene anammangira zinali za mbeta ya mwamuna, ndipo lamulo lolola kumangira antchito nyumba za mabanja linadza mu 1948. Matero ndi Chilenje zinamangidwa ndi boma, koma sizinakwane, kotero kuti anthu anayamba kuumba zidina pa minda ya eni ake achilendo ndi m'mbali mwa migodi ya miyala, kulipira mwini malo mwezi ndi mwezi; n'chifukwa chake makomboni ena akali ndi maina a anthu, monga George, John Laing ndi John Howard, ndipo Chawama kale inali kutchedwa Roberts. Ufulu utabwera mu 1964, chitupa chinatha, anthu anasefukira mumzinda. Mtendere inagawidwa mapuloti mu 1967, lamulo la mu 1974 linavomereza kuti makomboni ena ndi midzi yoyenera kukonzedwa osati kugwetsedwa, ndipo ndalama za World Bank zinalowetsa misewu ndi mipopi ku George ndi ku Chawama. Lero, monga mwa kalembera wa mu 2022, boma la Lusaka lili ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo ochuluka mwa iwo akhala m'makomboni.

Tsono lingalirani, inu a kumayadi amene muli ndi chipinda chosambira m'kati mwa nyumba, ntchito imene banja la ku Kanyama kapena ku Kalingalinga ligwira tsiku ndi tsiku kuti lisunge mwambo umene kumudzi unali kusungika wokha. Bambo, mayi, ana aamuna ndi aakazi osinkhuka, mwinanso mlamu wobwera kudzafuna ntchito, onse agona m'chipinda chimodzi kapena ziwiri za lendi, ndipo pakati pa makolo ndi ana pali nsalu yopachika pa chingwe basi. Mayi adzuka tambala asanalire kukasamba m'kamsasa ka masaka koyandikana ndi chimbudzi chimene mabanja angapo agawana, asanayambe kudutsa amuna opita ku ntchito. Mtsikana ayanika nsalu zake za kumwezi pansi pa chovala china kuti abale ake asazione. Bambo atuluka kukaima panja ngati wofuna mphepo, pamene chenicheni n'chakuti apatse mpata mwana wake wamkazi kuti avale. Mnyamata apempha malo kwa mnzake wa nyumba yoyandikana, chifukwa wazindikira yekha kuti wakula. Palibe amene amawayamika chifukwa cha zimenezi, ndipo palibe nkhope imene imazionetsa, komatu awa ndiwo manyazi okhazikika aja.

Ndipo pali enanso oposa apa, amene ndiwayesa ulemerero wa m'komboni, ndiwo manyazi a woona. Pamene zipupa zili zopyapyala ndi makomo ali oyang'anizana, munthu sangabise zonse. Ulemu wake uli m'manja mwa anansi ake. Mayi amene aona kuti kwa mnzake mbaula siinayake masiku awiri, natumiza mwana ndi kambale ka ufa kophimbidwa ndi chitenge, nanena kuti akubweza ngongole imene panalibe. Mwamuna amene atembenuza nkhope pamene mphepo yakweza saka la posambira. Wogulitsa pa kantemba amene safuula za ngongole ya bambo pamaso pa ana ake: onsewa ali ana a Semu ndi Yafeti, amene atamva kuti atate wawo Nowa ali chigonere wamaliseche m'hema, anayenda chambuyo ndi chofunda pa mapewa awo, namfunditsa osamuona. M'nkhani imeneyo temberero silinagwere wovula, koma nyumba ya amene anaona nakaulutsa kunja. Ndinene pano kuti kutembenuza nkhope kumeneku kuli ndi malire ake: mnansi amene amva mkazi akumenyedwa kuseri kwa chipupa, kapena mwana akuchitidwa zonyansa, nakhala chete ponena kuti za m'nyumba ya eni saziloweramo, ameneyo ali ndi mantha, asawatche manyazi, ndipo lamulo la mu 2011 loletsa nkhanza za m'banja ndi za pakati pa amuna ndi akazi linaikidwa kuti iye akhale ndi kokanena.

Koma taonani kumene mzindawu waika maso ake. Mtsikana akayandikira ukwati amatengedwa ndi alangizi, kapena banachimbusa monga anenera Abemba, namphunzitsa kugwada, kuweramitsa maso, kumanga chitenge pamaso pa apongozi, kusunga chinsinsi cha m'nyumba. Ndipo pa phwando lija alitcha kicheni pate amalowetsedwa atafundidwa nsalu kumutu, nakhala chete maso pansi kufikira mapeto, osaseka ngakhale anzake avine chotani. Sindinyoza amayi amenewa, pakuti m'mzinda umene mulibe kuka, mulibe azakhali apafupi, iwo asenza mtolo umene mudzi wonse unali kusenza, ndipo zambiri zimene aphunzitsa n'zanzeru. Chimene chindiwawa n'chakuti mwambo wa mtsikana utenga masabata, pamene wa mnyamata, ngati ulipo n'komwe, utha madzulo amodzi. Ndi kuti chimene chiyesedwa pa mapeto ndi nkhope, kaimidwe ndi utali wa nsalu, zinthu zimene wochenjera aliyense angaphunzire ngati sewero. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Karen Tranberg Hansen, amene anayamba kufufuza za moyo wa ku Mtendere mu 1971, nalemba buku lonena za salaula, ndizo zovala zovalidwapo kale zogulitsidwanso, limene linatuluka mu 2000, anaonetsa mmene mikangano ya kavalidwe mu Zambia imagwera pa thupi la mkazi nthawi ndi nthawi.

Zipatso zake tinaziona mu Januwale 2002, a Levy Mwanawasa atangolumbira kumene kukhala mtsogoleri wa dziko, pamene magulu a anyamata m'misewu ya pakati pa mzinda wa Lusaka anayamba kugwira akazi ovala masiketi aafupi ndi mathalauza, kuwang'ambira zovala ndi kuwasiya amaliseche pamaso pa khamu, nanena kuti akuchita chifuniro cha mtsogoleri watsopanoyo. Boma linakana, apolisi anamanga ena. Ku Malawi, kumene lamulo la mu 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi kwa zaka 20, zomwezo zinachitika mu Januwale 2012 ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, kufikira amayi anasonkhana kudzatsutsa, pamodzi ndi a Joyce Banda amene panthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Mwamuna amene avula mlongo wa mnzake pamsewu m'dzina la mwambo waphwanya mwambo wonse umene makolo ake anausunga padooko. Ndipo kuti iye achite chotero osamva kanthu kakumgwira dzanja, n'chifukwa chakuti anamphunzitsa kuti manyazi ndi chinthu chofunidwa kwa ena, chooneka ndi maso, choyezedwa kuchokera pabondo.

Mbiri ya mzinda womwewu ili ndi umboni wotsutsa maganizo otere. Mu 1960, Iain Macleod, nduna ya ku Britain yoyang'anira maiko olamulidwa, atafika ku Lusaka, Mama Julia Chikamoneka ndi amayi anzake anamchingamira atavula kumtunda, mabere ali pamtunda, kufuna kuti mlendoyo aone kuwawa kwa anthu ofuna ufulu. Aliyense woleredwa m'mwambo wathu adziwa kulemera kwa chinthu chotero, kuti mayi wamkulu akakuvulira ndiye kuti wakuikira mlandu umene madzi sautsuka, ndipo manyazi ake agwera iwe amene wamfikitsa pamenepo. Palibe Mzambia wanzeru amene anati mayiyo alibe nsoni; atamwalira mu 1986 dziko linamuika ndi ulemu, ndipo dzina lake liphunzitsidwa kwa ana. Chomwechonso Yosefe m'nyumba ya Potifara anathawa atasiya chovala chake m'manja mwa mkazi wa mbuye wake, natuluka wochititsa manyazi pamaso pa anthu, pamene wotsala ndi nsalu m'manja ndiye anali wopanda manyazi.

Buku la Sira, limene abale athu Akatolika amaliwerenga m'Baibulo lawo, lisiyanitsa manyazi odzetsa tchimo ndi manyazi odzetsa ulemu. Ndipo makolo athu anadziwa chomwecho pamene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Manyazi a pankhope, poti moyo wake wonse uli pa funso lakuti anthu adzati chiyani, ndiwo amapha. M'zaka za m'ma 1980, matenda a Edzi atalowa m'makomboni, mabanja anabisa odwala awo kuseri kwa nsalu ija, nanena kuti walodzedwa kapena ali ndi chifuwa chabe, kufikira a Kenneth Kaunda, ali mtsogoleri wa dziko, anaima pamaso pa atolankhani mu 1987 nanena poyera kuti mwana wawo Masuzyo, amene anamwalira mu Disembala 1986, anafa ndi matendawo. Monga mwa chiyeso cha nkhope, bambo ameneyo anavula nyumba yake. Koma iye anachita manyazi ndi bodza koposa ndi miseche, ndipo anthu amene lero amakatenga mankhwala awo ku chipatala cha Matero kapena cha Chawama dzuwa lili pamutu adutsa pa khomo limene iye, ndi Winstone Zulu amene pambuyo pake anaulula poyera za magazi ake, anatsegula.

Kolera nayenso adya pa mbale yomweyo, pakuti ndi nthenda imene anthu aitcha ya uve, ndipo munthu wamkulu safuna kuti anansi amuone akunyamulidwa atadziipitsira. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unakhazikika ku Chipata komboni ndi ku Kanyama, kotero kuti boma linatulutsa asilikali, linathamangitsa ogulitsa m'misewu, ndipo mu Januwale 2018 linaika lamulo loti anthu a ku Kanyama asayende usiku; wina umene unayamba mu Okutobala 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, bwalo la masewero la National Heroes linasandutsidwa chipatala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa, ndipo ambiri mwa akufawo anafera kunyumba asanafike kwa anamwino. Komatu chifukwa chenicheni cha nthendayi ku Kanyama si uve wa mayi amene amasamba tambala asanalire. Komboniyo inamangidwa pa thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa, za m'zimbudzi zokumba zimalowa m'zitsime zosaya zimene anthu amatungamo pamene mpopi wauma kapena ndalama ya pakiyosiki yasowa; ndipo gawo laling'ono lokha la mzinda wa Lusaka ndilo lili ndi mipaipi yochotsa zonyansa.

Ngati pali oyenera kuweramitsa mutu chifukwa cha maliro amenewo, ndi mwini nyumba amene amanga zipinda khumi za lendi pa puloti imodzi nakumba chimbudzi chimodzi, wogawa malo amene agulitsa puloti pa ngalande ya madzi, ndi ife tonse amene timakumbuka Kanyama mu Januwale mokha. Ku Kanyama komweko, pansi pa Kanyama Water Trust, kuli amuna amene ntchito yawo ndi kupopa zimbudzi zodzaza, ntchito imene kale inali kugwiridwa usiku mobisa, zonyansazo n'kukwiriridwa pafupi pomwepo. Tsopano amaigwira masana, atavala zodzitetezera, nathira zonyansazo m'migolo, nazipereka kumalo kumene zimakonzedwa kuti zisabwerere m'madzi akumwa. Nthawi yoyenera kuwaitana ndi Seputembala ndi Okutobala, mvula yoyamba isanagwe, ndipo wolipira akhale mwini nyumba, osati mkazi wamasiye wa m'chipinda cha kumapeto amene lendi ya mwezi watha sanamalize.